Mano a Lawson pa Chivindikiro cha Peni

"Mzungu akapanga chinthu, amasiyamo cholakwika chimodzi. Ntchito yanga ine ndi kuchipeza."

Adatero bambo Yoramu Mbewe Lamulungu lina m'chaka cha 1977, atakhala pakhonde la nyumba yawo ku Mabvuku, m'dziko la Rhodesia, pouza anzawo amene adapatukira pomwepo pochokera ku tchalitchi. Akazi awo, mayi Iris, adali m'nyumba akusita malaya, ndipo mawuwo adawapeza kudzera pawindo. Adangoyang'ana simbi imene idali m'manja mwawo, imene amuna awo adaipeza cholakwika chaka chapitacho, ndipo kuyambira pamenepo inkalavulira phulusa pa kolala iliyonse. Adauzira phulusalo napitiriza kusita.

Komatu tisawanamizire, luso adali nalo. Adachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata, ndipo tsopano adali atatha zaka makumi awiri pa fakitale ina ya mapoto ku Msasa. Mayiko akunja ataleka kugulitsa katundu ku Rhodesia, makina akathyoka kudalibe kokagula chitsulo china, ndiye ankaitana a Mbewe kuti asule chawochawo. Tsiku lina kapitawo wachizungu adawasisita paphewa, ndipo phewa limenelo silidatsikenso.

Nyumba yachitatu kuchokera kwa a Mbewe idali ya mayi Tecla, mayi wamasiye amene adali mlembi wa bungwe la maliro la anthu a kumudzi. Mwana wawo adali mmodzi yekha, Lawson, mphunzitsi. M'mawa wina chaka cha 1976 adatuluka ngati akupita kusukulu, osabwereranso. Apolisi atabwera kudzafunsa, mayi ake adati ali ku Bulawayo. Msewu wonse udadziwa kuti adawoloka malire kupita ku Mozambique kukalowa nkhondo, koma msewu wonse unkati ali ku Bulawayo. Patebulo adasiyapo peni yake ya inki, yakuda, imene adagula atangoyamba ntchito. Mayi Tecla ankalembera peni yomweyo za bungwe, ndipo Loweruka lililonse ankaitsuka ndi kuimwetsa inki, kuti mwini wake adzaipeze ikulemba.

Madzulo ena adafika nayo kwa a Mbewe, amene ankawaitana ndi dzina la mwana wawo Effie, ataikulunga m'kansalu.

"Bambo a Effie, kachitsulo aka kokolowekera m'thumba kakugwedera. Dzana peni idagwa m'basi, mwayi kondakitala adaiona. Mungangokalimbitsako?"

A Mbewe adavala magalasi, naitembenuza peniyo uku ndi uku ngati dokotala woyeza mwana.

"Komatu pamwambapa," adayamba mayi Tecla.

"Ndaona kale, amake Lawson. Ndadziwa."

"Ndimati ndinene kuti..."

"Mayi, ine ndimatsegula makina aakulu ngati nyumba ino. Peni n'chiyani? Mudzailandira Lamulungu kumsonkhano."

"Amvereni kaye, bambo," adatero mayi Iris ali pakhomo.

"Inu onani za tiyi."

Mawa lake, pa nthawi ya nkhomaliro, anzawo atapita kukadya, a Mbewe adayala nyuzipepala pa benchi lawo ndi kuvula chivindikiro cha peni ija. Kachitsulo kogwederako kankagwidwa ndi kamutu kopotokola kamene kadali pamwamba pa chivindikirocho. Adakapotokola pang'ono ndi zala, kachitsulo kadalimba nji. Ntchito imene adapemphedwa idathera pomwepo, tiyi wawo asanaleke n'kufuka nthunzi komwe.

Koma munthu amene phewa lake lidasisitidwa ndi kapitawo angabweze bwanji ntchito ya zala ziwiri? Adayamba kufuna cholakwika cha mzungu, ndipo mwayi udawagwera, adapeza zitatu. Choyamba, kamutu kaja kadali kokumbikakumbika ngati kadatafunidwa ndi makoswe. Chachiwiri, m'mbali mwa chivindikiro mudali kabowo kakang'ono ngati diso la singano. Chachitatu, chivindikirocho chinkavuka mosavuta, ngati chipewa cha mwini wake.

Adakagwira kamutu kaja ndi pulayala kuti akachotse. Kadalira kuti the, kung'aluka pakati. Sadadandaule, poti kadali kotaya kale. Adakaponya m'thumba la ovolosi, natola kachidutswa ka mkuwa pa zinyenyeswa, kukazungulitsa pa makina, kukapala ndi tupa mpaka kadasalala ngati dzira. Kabowo kaja adakamata ndi guluu, napukuta mwakuti palibe akadadziwa kuti padali bowo. M'kati mwa chivindikiro, mmene muli kachivindikiro kena kosunga nibu, nsonga yolembera ija, kuti isaume, adavekamo kamphira kodula ku chubu cha njinga, kuti chizigwira ngati chitseko cha banki. Masiku atatu sadadye nkhomaliro. Lachisanu peniyo inkawala ngati mendulo.

Msonkhano wa bungwe unkachitikira ku Tafara, pabwalo la bambo Fackson, wapampando, pansi pa mtengo wa mapichesi. A Mbewe sadapereke peniyo pachipata monga akadachitira munthu wina. Adadikira mpaka pemphero litatha, naimirira, kulankhula mawu angapo okhudza kusasamala kwa mafakitale a ku Ulaya, kenaka adaipereka ndi manja awiri. Anthu adaombako m'manja.

"Mlembi, tilembeni amene tabwera," adatero a Fackson.

Mayi Tecla adatsegula buku la bungwe pamiyendo. Adakoka chivindikiro, chidakana. Adakokanso, chidakanabe. Adaluma mlomo nakoka mwamphamvu, ndipo chidazuka kuti phu, inki ili thoo pabuku, pa mayina a amoyo ndi a akufa omwe, ina pa bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Kabowo kaja sikadali kolakwika. Kadali khomo la mpweya. Popanda iko, chivindikiro chothina chimayamwa inki povuka, monga mmene mwana amayamwira bere.

Ena adayamba kuseka, koma kusekako kudafera m'khosi. Mayi Tecla sadayang'ane buku, sadayang'ane bulauzi. Chala chawo chachikulu chinkasisita pamwamba pa chivindikiro, pa mkuwa wosalalawo, chikufunafuna.

"Mano aja ali kuti?"

"Mano ati, mayi?" adafunsa a Mbewe.

"Lawson akamachonga ntchito za ana asukulu ankaluma apa. Chiyambire ali mwana ankatafuna mapensulo, ndinkamumenya pakamwa koma osaleka. Ndikamapemphera ndimagwira pamenepa. Zithunzi zake ndi mabuku ake apolisi adatenga. Mano ake ali kuti, bambo a Effie?"

Masiku amenewo pamsonkhano uliwonse pankakhala khutu limodzi losadziwika mwini wake, ndiye padalibe wofuna kutchula za mwanayo. A Fackson adatsokomola.

"Akadzabwera kuchokera ku Bulawayo adzalumanso, mayi."

"Adzaluma mkuwa?"

Pamenepa mpomwe munthu akadagwada. Koma a Mbewe adaona maso onse ali pa iwo, ndipo phewa lija lidakana kutsika.

"Zinali zinyalala, ndinataya," adatero. "Ndipo vuto si ntchito yanga ayi. Ndi inki ya masiku ano, ndi madzi okhaokha."

Mayi Tecla adaikulunga peni m'kansalu kake, natseka buku lonyowalo. Tsiku limenelo mayina sadalembedwe.

Sabata yomweyo mayi Iris adapita kwa mnzawoyo ndi singano yosokera. Adaboola guluu uja, nakolowola kamphira kaja, peni idayambanso kulemba bwinobwino. Loweruka, pochapa ovolosi, adapeza kanthu kolimba m'thumba. Adakaika m'sosala pambali pa tiyi wa amuna awo.

"Kawapatseni."

A Mbewe adakayang'ana kamutu kakudako. Tsopano, poti adali atauzidwa, ankaona bwino: timaenje tiwiri takuya ta mano a kutsogolo, ndi tina ting'onoting'ono m'mbali. Khoswe saluma mwa dongosolo chotero.

"Ndinanena pagulu kuti ndinataya. Ndiye ndikatuluke nako, kali kosweka, anthu adzati chiyani?"

"Adzati mwabweza."

"Ndiyambe ndakalumikiza kaye."

Adakaika m'kachitini ka fodya. Adayesadi kukalumikiza, kawiri, koma mng'alu unkaonekabe, ndipo iwo sakadapereka ntchito yooneka mng'alu. Mwezi udatha, chaka chidatha. Chinthu ukachedwa nacho chimalemera, ndipo kachitini kaja kadayamba kulemera kuposa bokosi lawo la zipangizo. Popita kokwerera basi adayamba kuzungulira msewu wakuseri, kuwopa kudutsa pachipata cha mayi Tecla. Pakhonde pawo nkhani ya cholakwika cha mzungu idazilala yokha. Kumsonkhano ankakhala kumbuyo, akuona chala cha mlembi chikusisita mkuwa uja, chikufunabe chimene padalibe.

Nkhondo idatha. M'chaka cha 1980 anyamata adayamba kubwerera, ena onenepa, ena opanda mwendo, ndipo Bulawayo uja adaleka kutchulidwa. Mayi Tecla ankasesa chipinda cha Lawson m'mawa uliwonse. Mwezi wa Julayi kudabwera mnyamata wina wa ku Mutoko atavula chipewa. Adati Lawson adafera kukampu ina ku Mozambique kumapeto kwa 1977, ndipo manda ake palibe angawaloze.

Bungwe lidakonza maliro opanda mtembo. Anthu adadzaza bwalo la mayi Tecla mpaka mumsewu. Nyimbo itatha, a Fackson adaimirira.

"Abale, kwathu sitikwirira dzenje lopanda kanthu. Pakufunika chinthu chimene chidakhudza thupi la mwanayu. Mayi, kwatsala chiyani?"

Mayi Tecla adatulutsa malaya amodzi ndi peni ija. "Malayawa ndawachapa kambirimbiri, fungo lake lidatha. Peniyi ndi iyi, monga mukuionera."

A Mbewe adamva miyendo yawo ikuimirira iwo asanailamule. Adadutsa pakati pa amuna, nafika pamphasa ya amayi, pamene mwamuna safikapo wamba, nagwada pafumbi ndi suti yawo ya Lamulungu. Adatulutsa kachitini ka fodya kaja, nakatsegula.

"Amake Lawson, ndidanama pamaso pa anthu awa, ndiye ndibweze pamaso pawo pomwe. Sindidataye. Ndidaswa ndi pulayala, ndipo ndakhala nako zaka zitatu chifukwa cha manyazi. Mudandituma kulimbitsa kachitsulo basi. Mudafuna kundiuza, ine ndidakutsekani pakamwa. Inki idalibe mlandu."

Mayi Tecla adatola zidutswa ziwirizo, nazigundanitsa m'dzanja. Chala chawo chachikulu chidapita chokha pa timaenje tija, chidakhazikika. Pamenepo mpomwe adalira, kulira kumene sadalire ngakhale tsiku lija mnyamata wa ku Mutoko adabwera.

Atatonthola adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka zitatu, bambo a Effie. Nyumba yachitatu."

"Inde, mayi."

"Mwana wanga ankamwalira ine ndikupempherera pa mkuwa."

A Mbewe adakhalabe chigwadire pafumbi pomwepo.

Mayi Tecla adapotokola kamutu ka mkuwa kaja, nakachotsa pa chivindikiro. Kadatuluka mosavuta, poti kadasulidwa mwaluso. Adakaika m'dzanja la a Mbewe, nawapinda zala.

"Ichi n'chanu. Changa ndalandira. Dzukani, mukudetsa suti."

M'dzenje adaikamo malaya. Mano a Lawson mayi ake adawamanga pa mfundo ya chitenje, ndipo palibe adatsutsa, ngakhale a Fackson amene ankadziwa malamulo onse a bungwe.

Kamkuwa kaja a Mbewe adakhala nako m'kachitini ka fodya mpaka ukalamba wawo. Munthu akabwera ndi wailesi kapena loko kuti amukonzere, ankayamba avula magalasi, kumukhazika pampando, n'kumufunsa kuti, "Mumati munene chiyani?" Mayi Iris, amene adagula simbi ina mwakachetechete, ankamva funsolo kudzera pawindo n'kumapitiriza kusita. Akuluakulu adanena kale kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.