Denga Limene Linauluka ndi Tsilizani

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, munali gulu la amuna omanga madenga. Denga sankalimangira pamwamba ayi. Ankalimangira pansi, kulifolera pansi pomwepo, kenaka onse n'kulowa kunsi kwake, kulisenza pamapewa, ulendo kukaliveka panyumba.

Ukadzuka m'mamawa nkhungu isanachoke, unkaona denga likuyenda m'njira ngati bowa wamkulu wamiyendo yambiri. Nkhope sizinkaoneka. Miyendo yokhayokha.

M'gulumo munali mnyamata dzina lake Tsilizani, wamtali ngati mgwalangwa. Akaimirira bwinobwino denga linkapendekeka, mapewa a anzake osafikira. Ndiye ankayenda chowerama.

"Werama, mphwanga, werama!" ankatero a Kafumbata, mkulu wa gululo, munthu wamfupi, wonenepa ngati mtondo.

Tsilizani n'kuwerama. Kukacha, "Werama, mphwanga!" Iye n'kuwerama.

Denga likafika, amayi ankalulutira. "Zikomo miyendo! Miyendo yagwira ntchito!"

Mawu amenewo ankamulasa Tsilizani. Pomanga luzi panalibe womuposa, koma ankadziwa ndani? "Kodi ine ndidzafa ndili miyendo?" ankadzifunsa.

Mvula itayandikira, nyumba ya mayi wina, Nangondo, inali isanavekedwe denga. Tsilizani anazemba n'kupita kudambo yekha. M'malo mwa mitengo yolemera anadula bango. Anasankha udzu wofewa, luzi lopyapyala. Anamanga, anamanga, anamanga.

Mnzake wa m'gulu, Msatida, anamupeza.

"Iwe, chimenechi n'cha nkhuku?"

"N'cha a Nangondo."

"Nanga ife?"

"Inu pumulani. Lino ndisenza ndekha, anthu aone nkhope."

"Aone nkhope imeneyo? Uwachitire chisoni ana!" anaseka Msatida. Koma pobwerera sankaseka.

Denga linatha, lokongola, lopepuka ngati chisa cha mpheta. Tsilizani analowa kunsi, analikweza ndi manja awiri, n'kuimirira tsoo! Msana unawongoka, unalira thethethe. Analowa m'mudzi akuyenda pang'onopang'ono.

"Taonani! Ndi Tsilizani uyo! Yekha!"

Ha, kukoma kwake dzina lako likamatchulidwa!

Ndiye kunabwera mphepo ija imatsogolera mvula. Sinabwere mwaukali ayi. Inangolowa kunsi kwa denga mwakachetechete ngati mlendo wamanyazi. Tsilizani anamva zidendene zikusiya dothi. Kenaka zala. Basi, yandaa, m'mwamba.

Poyamba anaseka. Mitengo inali kunsi kwake. Njira zinaoneka ngati luzi lotayidwa, nkhokwe ngati timiphika tovundikira. Akakowa anamudutsa m'mbali osamupatsa moni. Mitambo inali pafupi, yozizira, yonunkhira dothi lonyowa.

"Ndine Tsilizani!" anafuula.

Palibe anayankha. Kumwambako kulibe wolulutira.

Patalitali anamva timawu ta ana pansi: "Miyendo! Miyendo ikuuluka!"

Manja anayamba kuchita dzanzi. Akasiya, agwa afe. Akagwiritsa, mphepo imuwolotsa phiri, kumene sanabwereko munthu. Misozi inagwa, anthu pansi n'kumayesa mvula yayamba.

Koma gulu lija linkathamanga, kutsata chithunzithunzi cha denga m'minda. A Kafumbata m'mbuyo, wefuwefu. Kutsogolo kunali chulu chachikulu, ndipo mphepo, pofuna kupuma, inatsitsako denga pang'ono.

"Kwerani pachulu!" anakuwa a Kafumbata. "Iwe mphwanga, tambasula mwendowo! Wonse! Usausunge!"

Tsilizani anatambasula mwendo mpaka chala chachikulu. Msatida, ali pamapewa a mnzake, anadumpha, gwii! pa kakolo.

Denga linamunyamula nayenso.

"Mayo! Ndigwireni!"

Wina anagwira Msatida. Denga linamunyamula. Wina anagwira ameneyo. Linamunyamula. Anthu analendewera ngati mkanda m'mwamba, mpaka anatsala a Kafumbata okha. Analavulira m'manja, n'kugwira.

Denga linaima. Linaganiza. Kenaka linayamba kutsika, pang'onopang'ono ngati nthenga, mpaka onse anaponda dothi.

Tsilizani anayang'ana pansi, kudikira mawu owawa. A Kafumbata anazungulira dengalo, kulisisita, kukoka mfundo zake.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Palibe, akulu."

"Ndiye utiphunzitse ifeyo. Mapewa angawa atopa ndi mitengo. Koma taona, chinthu chopepuka chimafuna manja ambiri kuposa cholemera."

Analigwira onse m'mbalimbali, Tsilizani pakati, ali chiimire, n'kukaliveka panyumba ya Nangondo. Mphepo inali ikadalikoka.

"Kwera ukamange nsonga," anatero a Kafumbata. "Ife tigwira."

Anakwera. Mudzi wonse unamuona pamwamba paja, luzi kukamwa, madontho oyamba akumugwera pamsana. Nangondo anaima pabwalo, mwana kumbuyo, dzanja pachipumi.

"Denga lokongola chonchi wamanga ndani?"

Tsilizani anayang'ana pansi. Kuzungulira nyumba yonse, manja, manja, manja, atagwira udzu zolimba.

"Ndamanga ndine, mayi!" anayankha. Mphepo inawombanso, denga n'kugwedezeka. "Koma inu apo, chonde, musasiye!"

"Fulumira, iwe nkhope!" anakuwa Msatida.

Kanthano kanga kafoleredwa, kathera pomwepa. Kwera momwe ungathere, koma phazi ulisiye poti anzako angafikire.