Kaliwo, Chigoba cha Nkhono ndi Mphika wa Nyemba

Kalekale, anthu asanayambe kuvala nthawi pamkono, aliyense ankayeza zinthu ndi chomwe wachikonda yekha. Wina phazi, wina lichero, wina njala ya m'mimba mwake. Musaseke, inunso mumatero. Si inu mumauza mlendo kuti ndi pomwepa, chonsecho ndi kuseri kwa mapiri awiri?

Pamudzi wina wa m'mphepete mwa dambo panali mayi dzina lake Nachisale. Anabereka ana anayi, atatu n'kuwaika m'manda, kutsala kamtsikana kamodzi, Sungeni. Mwamuna wake, Zingani, anali atapita kwawo kuseri kwa phiri kukafolera nyumba ya amayi ake.

Inali nyengo ya dzuwa lowamba, zitsime zikuuma. M'mawa wina Sungeni akutola masuku anaponda mphiri, ndipo inamuluma pa kakolo. Amuna onse amphamvu anali ku uzimba kutsidya kwa dambo. Sing'anga wodziwa za njoka ankakhala kumudzi wina kumene Nachisale anali asanapondeko. Zoti achite zinali ziwiri: kukaitana anyamata ku uzimba kuti athamange naye mwanayo pamachira molandizana, kapena kumubereka yekha nthawi yomweyo. Asanasankhe anafunsa anthu atatu amene anatsala pamudzi, onse oidziwa njirayo kapena njokayo.

Woyamba anali msuweni wake Msokera, woluka madengu, amene anapondaponda njira zonse posinthanitsa katundu wake. Tsikulo anali ndi chithupsa kuphazi, osatha ngakhale kuponda pansi. Anakwawa, n'kumanga mwendo wa mwana ndi luzi, n'kujambula njira padothi ndi chala. Iyeyu mtunda ankauyeza ndi fodya.

"Asuweni, n'kutali bwanji?" anafunsa Nachisale.

"Pafupi. Ine ndimatsira fodya m'kaliwo kawiri basi, ndafika. Zokaitana anyamatazo n'kutaya nthawi."

Sananame. Koma Msokera anali woumira fodya koopsa. Akakoka kawiri katatu ankatseka kaliwo ndi chala, moto n'kuzima, iye n'kumayenda naye wozimayo pakamwa ngati nkhuku yonyamula udzu. Fodya wotsira m'mawa ankamufikitsa dzuwa lili pafupi kufika paliwombo. Nachisale ankadziwa kaliwo wa mwamuna wake, yemwe fodya wake ankatha munthu usanamalize kusenda chinangwa chimodzi. Choncho anyamata aja sanawaitane.

Wachiwiri anali mnzake Nangondo, amene anali ndi khanda la masiku ochepa m'nyumba. Mayi ameneyu anali ndi chigoba cha nkhono chimene ankayezera chilichonse: mchere, mawere, mankhwala, ngakhale mafuta a nsatsi. Anthu ankamuseka kuti tsiku lina adzayezera mwamuna wake momwemo. Mumtsuko mwake munali madzi amene anatungidwa movutikira, ndipo sanawaumire.

"Zigoba khumi zimandifikitsa kwa sing'angayo, zina n'kutsala," anatero akuthira m'chigubu cha mphonda. "Ukachulutsa akulemera, uli kale ndi mwana kumsana."

Nayenso sananame. Koma Nangondo ankayenda njirayo m'nyengo yozizira, ali chimanjamanja, ndipo anali munthu wouma thupi amene thukuta sankalidziwa. Madzi mumtsuko anatsalamo ambiri. Akanapemphedwa akanathira onse, koma chigoba chinali chitanena kale.

Wachitatu anali nkhalamba Mphonde, amene anaonapo anthu ambiri olumidwa ndi njoka, ena kuchira, ena kupita. Anatsegula chikope cha mwanayo, n'kukanikiza chotupacho, n'kumupatsa muzu wowawa woti azitafuna panjira. Unali muzu wake womaliza. Mkuluyu nthawi ankaiyeza ndi mphika.

"Agogo, ndili ndi nthawi yotani?"

"Usanjenjemere, mdzukulu wanga. Ululu wa mphiri sufulumira. Usanafike pamtima, nyemba zikhoza kupsa kawiri."

Awanso ananena zoona. Koma a Mphonde, popeza mano anawathera, nyemba ankazinyika usiku wonse, n'kuziphika ndi nkhuni za tsanya, n'kuthiramo chidulo. Akateleka m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu zinali phala. Nachisale ankaphika nyemba zouma gwa, pamoto wa zitsononkho, tsiku lonse lathunthu. Atamva zoti kawiri, mtima unakhala pansi, anaganiza kuti ali ndi lero ndi mawa lomwe.

Anamubereka mwana, n'kunyamuka. Anayenda, anayenda, akuyang'ana denga la sing'anga kuseri kwa chulu chilichonse, koma kunali tchire lopsa lokhalokha. Dzuwa litafika paliwombo chigubu chinali chouma. Mwana thupi linali moto, muzu uja unamuumitsa kukhosi, ndipo mawu ake anali amodzi okha: "Amayi, madzi."

Ndani wa inu akanapirira? Nachisale anasiya njira, n'kutsikira kumtsinje wouma umene anauona patali. Anafukula mchenga ndi manja mpaka zikhadabo kutuluka magazi, n'kupeza timadzi tamatope todzaza chikhatho kangapo. Anamumwetsa mwana, n'kubwerera kunjira. Anakumbukira nyemba zija, nati nthawi ilipo, ndipume pang'ono kuti ndisagwe naye. Anakhala pansi pa mkuyu, mwana pamiyendo, akumukupiza ndi masamba, mpaka mthunzi unasuntha.

Dzuwa litapendeka ndi pamene anaona madenga a mudzi wa sing'anga. Anayamba kuthamanga. Ali pakati pa minda anamva manja amene anamukolowekera pakhosi akumasuka, mutu wa mwana n'kugwera paphewa. Sanaime. Anathamangabe mpaka pakhomo, akumulankhula kuti tafika, mama, tafika.

Sing'anga anamutsitsa mwanayo, n'kumugoneka pamphasa, n'kugwira pachifuwa. Mankhwala anali nawo, osinja kale.

"Pepani mayi, mwachedwa," anatero. "Mwachedwa pang'ono zedi, ngati nthawi yokazinga chimanga."

Mmene zinandiwawira ine nditamva nkhaniyi koyamba, sindingathe kukuuzani. Madzi akatayika saoleka.

Mawa lake anthu a kwa sing'anga anathandiza kubweretsa maliro pamudzi. Amuna anali atabwerako ku uzimba, nyama ili mbwee, popanda woikhudza. Adzukulu anasonkhana ndi makasu awo, koma anati sakumba manda bambo wa mwana asanamve. Ndiwo unali mwambo. Ndipo kunja kunkatentha, maliro sakanadikira nthawi yaitali.

Anyamata angapo anadzipereka kuti athamange kuseri kwa phiri. Nachisale anakana. Anali atalira mpaka mawu kutha, ndiye analankhula chapansipansi.

"Zingani anandisiyira mwana wamoyo. Akafunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo mnyamata alibe choti akayankhe. Apite mmodzi mwa atatu amene anandiyezera. Amene muyezo wake wapha mwana wanga akamuyang'ane m'maso, akamuuze. Ngati sangayende, anyamata amunyamule pamachira."

Msokera anali atakhala potero, kaliwo ali pansi. "Ine ndinanena mtunda umene ndimaudziwa," anatero. "Akanakhala ndi madzi okwanira sakanapatuka, ndipo akanafika mwana akupuma."

Nangondo ankalira, khanda lili kubere. "Madzi anga akanakwana ukanakhala ulendo waufupi monga anauzidwira. Ndipo ngakhale anapatuka, akanapanda kukhala pansi pa mkuyu akanafika."

A Mphonde nawonso anayankha. "Ndinamukhazika mtima pansi, n'zoona. Munthu wonjenjemera amagwa panjira. Koma anyamata akanaitanidwa, za nyemba zanga bwenzi palibe akuzikumbuka."

Onse anali kunena zoona, ndiye vuto lake. Chotsani cholakwa chimodzi chokha, chilichonse mwa zitatuzi, mwana akanafika wamoyo. Palibe amene anamufunira zoipa. Wina anakwawa ndi chithupsa, wina anapereka madzi m'chilala, wina muzu wake womaliza.

Ndikuona ena mwayamba kale kunong'onezana kuti safunsa anadya phula, mayiyo akanafunsa kuti kaliwo wa ndani, nyemba za pamoto wanji. Nenani mokweza ngati muli ndi mtima wotero. Koma kumbukirani kuti anafunsa katatu, mwana akutupa m'manja mwake, ndipo katatu konse anayankhidwa ndi anthu omukonda.

Dzuwa linkakwera. Adzukulu anakhala pamakasu awo, azimayi m'nyumba ya siwa anayamba kufukiza masamba, ndipo machira anali pabwalo, anyamata anayi ataima pambali kudikira woti akwerepo. Kuseri kwa phiri Zingani anali padenga, akufolera, osadziwa kanthu.

Tsono ndiuzeni inu: pakati pa Msokera ndi kaliwo wake, Nangondo ndi chigoba chake, ndi a Mphonde ndi mphika wawo, ndani akwere machirawo kukauza Zingani kuti mwana wake womaliza wamwalira?