Nyemba za a Kalilangwe

Ana inu, kumudzi ndinachoka kale, koma nkhani iyi siinandichoke m'mutu.

Pa sukulu ina ya ukachenjede panali mphunzitsi wa zaulimi, a Kalilangwe. Unyamata wawo wonse unathera pa ntchito imodzi: kupeza mtundu wa nyemba zosafumbwa ndi anankafumbwe. Atazipeza, anazisunga m'chipinda chozizira cha pasukulupo, poti mbewu ikakhalitsa potentha simera.

Mbiri itamveka, kunabwera mkulu wa kampani ina yogulitsa mbewu.

"Tipatseni tizichulukitse, alimi agule chaka chomwe chino," anatero.

A Kalilangwe anakana. Nyembazo zinkachedwa kupsa pamoto, ndipo iwo sankafuna kuti dzina lawo limveke pa chinthu chopereŵera.

Kunyumba, mkazi wawo Nangondo anangoti kukamwa yasa.

"Bambo a Tiyese, mwawabweza? Nanga amene akudandaula za nkhuni ndani? Ophikafe tilipo."

"Mayi, musafulumire. Ndikonzeko pang'ono. Akabwera chaka chamawa adzapeza zabwino koposa."

Chaka chamawacho chinafika ndi zake. Ndalama inagwa mphamvu, amene ankathandiza kafukufuku anabweza dzanja, ndipo sukulu inayamba kuvutika ngakhale kulipira aphunzitsi. Magetsi ankazimazima, mafuta a jenereta osaoneka. Chipinda chija chinasanduka ng'anjo. A Kalilangwe anathamangira ku kampani ija, koma anapeza pakhomo pali loko.

Mvula itagwa anadzala nyemba zonse, mtima uli m'mwamba. Ankalawirira kumunda n'kumafukula nthaka ndi chala. Sipanamere ngakhale imodzi.

Tsiku limene anataya mtima, anapeza Nangondo akuwotcha chimanga pambaula. Anawasimbira zonse. Mayiwo sananene kuti ndinkanena ine. Anachotsa chimanga pamoto, mbali ina idakali yaiwisi, natonola njere za kumene kunapsa n'kuwaikira amuna awo m'manja.

"Bwanji osadikira chipse chonse?" anafunsa a Kalilangwe.

"Idyani, bambo. Makalawa mwapangana nawo? Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto."

A Kalilangwe anatafuna njerezo.

Mwambi umenewu tanthauzo lake ndi ili. Chimene chapsa lero chitengeni lero, ngakhale mbali ina isanafike pomwe mukufuna. Moto sulonjeza: ukhoza kuzima, ukhozanso kunyeketsa chonse inu mukudikira.