Mchere wa Dzimbiri

Ana inu, liwu lakuti "awiri" timalikonda. Maso awiri amaona patali, manja awiri amagwira khasu. Koma tikanena kuti munthu ali ndi mitima iwiri, sitikumutama ayi. Tamverani za Dzimbiri.

Dzimbiri anali wosema mitondo, wa m'mudzi wina kuseri kwa phiri. Chaka china iye ndi mkazi wake Nasimango anayenda masiku atatu kukasinthanitsa mitondo ndi mchere. Pobwerera, Dzimbiri anasenza mtanga wodzaza mchere, Nasimango atabereka mwana wawo Tiyese, yemwe anali atatentha thupi chiyambire m'mawa.

Ali pakati pa phiri, kumwamba kunada bii. Mphepo inayamba kuthyola nthambi.

"Bambo a Tiyese, phanga si ili? Tiyeni tilowe," anatero Nasimango.

Dzimbiri anasuzumira. Phangalo linali laling'ono, lolowa chokwawa. "Muno mtanga wanga sukwana. Kutsidya kwa khwawali kuli lina lalikulu."

"Mwanayu akavumbwa timutaya. Ine ndalowa muno."

Dzimbiri anatsetserekera kukhwawa ndi mtanga wake, madontho akuluakulu atayamba kugwa. Atawoloka, anaona mapazi a kambuku pamchenga, olunjika kuphanga lalikulu lija. Anaima. Mapaziwa ndi a lero kapena a dzana? Anabwerera. Atafika pakati pa khwawa anaganizanso: "Nanga ndikakathinana ndi mkazi ndi mwana, mcherewu ndikauika pati?" Anatembenukanso.

"Bwerani kuno!" Nasimango anakuwa ali pakhomo pa phanga. "Madzi akubwera kumtundako, simukumva?"

Mvula inakhuthuka. Dzimbiri anali chiimire pamwala, akuyang'ana uku ndi uku. Madzi ofiira anamumenya m'mawondo, kenako m'chiuno. Anagwira muzu wa mkuyu ndi dzanja limodzi, linalo likadali pamtanga. Mchere unkasungunuka n'kumamutsikira m'maso, osaonanso kanthu. Ankangomva mawu a mkazi wake akuitana, ndipo anatsata mawuwo, akudzikoka ndi muzu uja mpaka kumtunda.

Analowa m'phanga laling'ono chokwawa, akunjenjemera. Tiyese anali m'tulo, wouma bwinobwino. Nasimango anakokera mtanga uja m'kati, ndipo unakwana popanda vuto. Koma munalibe ngakhale chibulumwa chimodzi cha mchere.

"Malo analipo," anatero Nasimango.

Atafika kumudzi, abale anathamanga ndi tizikho kudzapempha mchere. Dzimbiri anazyolika nati, "Pepani abale anga, mapanga awiri andivumbwitsa."

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Mapanga awiri avumbwitsa." Tanthauzo lake n'lakuti wofuna kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kapena wolephera kusankha chimodzi, amataya zonse. Mvula siyembekeza kuti munthu athe kuganiza. Ukapeza pobisala, ngakhale pothina, lowa.