Maondo a Kanyumbu

Kalekale, mudzi wathu usanatsikire kuchigwa kuno, munali munthu wina dzina lake Kanyumbu. Mukundimva kumbuyoko? Tasiyani kaye kutonolako, chimanga sichithawa.

Kanyumbu anali wamfupi, miyendo yoonda ngati bango. Koma maondo, ana inu! Mukukadziwa kafupa kaja ka pabondo, kamene kamaterereka ukakagwira, ife kwathu timati kambale? Take tinali totukuka ngati zipanda. Amayi ankamuseka kuti maondo amafika pakhomo mwini wake akadali kuchitsime. Iye ankaseka nawo, poti anali munthu wosasunga mangawa. Vuto lake linali limodzi: akagwira nkhani, sankaitaya.

Masiku amenewo kunali nkhondo yogwira anthu, ndipo makolo athu anathawira m'phanga la phiri lija mumaliona kumadzulo. Denga la phangalo linali lalifupi, munthu wamkulu sakanaimiriramo. Kotunga madzi ankapita chowerama. Kumunda ankapita chokwawa m'tsekera. Pokwera phiri, manja ndi miyendo yomwe, ngati anyani. Iwe Filesi, suja umati kusukulu anakuuzani kuti akale kwambiri ankayenda ndi manja omwe asanazolowere kuimirira? Zimenezo ine sindinazione. Koma athuwa mantha anatsala pang'ono kuwabwezera komweko.

M'phanga momwemo mkazi wa Kanyumbu, Nankhoma, anabereka mwana wamkazi, Mwandida. Mwanayo ankakondedwa, mwina mpaka kupyola muyeso. Akagwira mwala kuti aimirire, dzanja lafika kale pamutu: “Khala pansi, ugunda mutu!” Akatuluka panja n'kuyesanso: “Khala pansi, akuona adani!” Mayi ake, khala pansi. Agogo ake, khala pansi. Ana ena anali nkhutukumve, ankaimirirabe n'kumayenda ndi zotupa pachipumi. Koma Mwandida anali womvera. Anamuuza kuti akhale, iye anakhaladi. Anayamba kuyankhula, kuimba, ngakhale kutukwana mbuzi, koma akukwawabe.

Nkhondo inatha. Akuluakulu anagwirizana zotsika kukafuna malo kuchigwa mvula isanagwe. Unali ulendo wa masiku ambiri, ndipo aliyense anali ndi katundu wake: mbewu, makasu, miphika. Nankhoma anali ndi khanda lina kumsana. Nanga Mwandida, mwana wolemera kale, amutani?

Malume ake, a Gwirize, eni mbumba, anamuika pamwendo n'kudina bondo ndi chala.

“Pafewa apa,” anatero mwachisoni. “Mwanayu alibe kambale, sadzayenda. Atsale ndi nkhalamba zimene sizingathe ulendo. Tidzamutenga tikakolola.”

Nankhoma anangogwetsa misozi. Aliyense ankadziwa kuti wotsala paphiri nthawi ya njala sumudzamupezanso.

“Ndimunyamula ine,” anatero Kanyumbu.

“Nanga mbewu anyamule ndani? Tikadya chiyani kumeneko? Alamu, paja mkamwini asamakule mwendo.”

“Mwendo sunakule, alamu,” anayankha Kanyumbu. “Akula ndi maondo okhawa.”

Anthu anaseka, koma iye mtima unali kuwawa. Mukudziwa chimene anachita? Anayamba kuyendera maondo a anthu. Anadina bondo la khanda lake: lofewa. Anadina la kamwana ka mnansi kamene kankathamanga tsiku lonse: nalonso lofewerako. Anadina la mnyamata wamkulu: gwa! Ana atamuona akubwera ankabalalika. Mpaka tsiku lina anakagwada chapatali pamaso pa apongozi ake, maso pansi.

“Amayi, mundikhululukire. Ndimati ndione nawo bondo lanulo.”

“Bondo la yani? Mayo ine! Nankhoma, dzatenge wamisala wakoyu!”

Mthiko unamupeza pamsana asanafike pakhomo la phanga. Koma iye anathamangira kwa a Gwirize akuseka.

“Alamu, kambale kamachita kukhwima, ngati dzungu! Ana onse amabadwa nako kofewa, ndipo ena amayenda kasanalimbe. Mwana wanga sanapunduke. Tinamukhazika pansi ndife tomwe.”

“Pakamwa sipayenda ulendo,” anatero a Gwirize. “Mwezi ukaoneka tinyamuka. Akadzayenda yekha, apita nafe.”

M'mawa mwake Kanyumbu anabereka Mwandida n'kukwera naye pathanthwe la pamwamba, pamene panalibe denga koma thambo lokha. Anamukhazika pansi. Kenaka iye mwini anawongoka. Msana unalira, maondo analira, poti nayenso anali ataiwala kutalika kwake. Atawongoka anayamba kuvina. Munthu wamkulu, wandevu, kuvina yekha popanda ng'oma, timiyendo tija tikuponyedwa uku ndi uku! Mwandida anaseka mpaka kugwa chagada. Anakwawa, nafika pamapazi a bambo ake, nakweza manja. Anagwira chiyani? Maondo aja! Zipanda zija anthu ankaziseka zinakhala zogwirira zabwino kuposa mwala uliwonse.

Nankhoma anali atawatsatira. Ataona mwana akudzikoka, pakamwa panatseguka pokha: “Khala pa...” Anadzitseka kukamwa ndi manja onse awiri.

Tsono tsoka lake, pamene Kanyumbu anaima panali njira ya linthumbu. Linayamba kumukwera. Linamuluma m'akakolo, linamuluma m'ntchafu, linafika ndi kwina kumene sindingatchule pali ana. Kodi anasuntha? Sanasunthe! Misozi ili chuchuchu, mano ali gwa, iye ali chiimire ngati mtengo, kufikira mwana ataima, miyendo ikunjenjemera. Anaima kanthawi kochepa, n'kugwa ndi matako. Apo m'pamene bambo ake anamunyamula n'kuthawa akukuwa.

Tsiku ndi tsiku ankakwera pathanthwepo. Kuima, kugwa. Kuima, phazi limodzi, kugwa. Anthu ankati, “Taonani, akungodzedzereka.” Kanyumbu ankayankha kuti, “Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.”

Mwezi unaoneka. M'mawa wa ulendo anthu anasenza akatundu, ndipo a Gwirize anabwera kudzatsanzika mwana wa mlongo wawo uja, nkhope ili yakugwa. Mwandida anali ataima, atakumbatira bondo la bambo ake.

“Pita kwa amalume,” ananong'ona Kanyumbu.

Mwana anasiya bondo. Phazi. Linanso. Anapendekeka, amayi onse anagwira m'mitima, koma palibe anati khala pansi. Phazi, phazi, mpaka anakagwira bondo la a Gwirize, n'kuyang'ana kumwamba.

“Amalume, tiyeni.”

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya! Apongozi aja a mthiko ndiwo anayamba kuvina. A Gwirize anakhala pansi n'kulira ngati mwana, kulira kwa chimwemwe ndi manyazi pamodzi. Ndipo paulendo wonsewo, Mwandida akatopa, amene ankamukweza pamwamba pa katundu wawo anali a Gwirize omwewo, osalola wina kumukhudza.

Mwandida ameneyo ndiye anabereka agogo a agogo anga. Akanatsala paphiri paja, bwenzi pano pali tchire, inu kulibe, ine kulibe.

N'chifukwa chake kwathu kuno mwana akakugwira bondo kuti aimirire, susuntha. Kaya mkaka ukutayika pamoto, kaya mbuzi zalowa m'dimba, kaya akukuitana ndani, umaima nji mpaka mwanayo akusiye yekha. Ndipo mawu aja akuti khala pansi sitimuuza mwana amene akuyesa kuima, ngakhale tikumuopera chotani.

Ndiye musandifunse chifukwa chimene sindikudzuka, chonsecho mwendo wachita dzanzi kalekale. Simukumuona Lonjezo pansipa? Wandigwira bondo. Filesi, chotsa dengu kutsogoloko. Musamugwire! Musiyeni ayende yekha.