Tsiku Limene Bwana Anavina

Pa yunivesite ina ya ku Ulaya, mkulu wa sukuluyo ankakonda kuonetsa aphunzitsi akunja ngati ziweto zake. Tsiku la alendo anaitana Mayi Nachisale, Mmalawi wophunzitsa masamu.

"Muwavinire alendo gule wa kwanu. Mukakana, chaka chamawa ntchito kulibe."

Nachisale anagwada mwaulemu alendo akuona. "Bwana, mwangouza alendowa kuti mumalemekeza chikhalidwe chathu. Kwathutu mwini bwalo ndiye amatsegula gule, ndipo saleka ng'oma isanaleke."

Anam'manga bwanayo chitenje m'chiuno, n'kuyamba kuomba tebulo ngati ng'oma. Alendo anaomba m'manja. Bwana anadumphadumpha, thukuta lili kamukamu, taye ili kumsana, maso akupempha chifundo.

Nachisale anangoithamangitsa ng'omayo.

Mpaka lero akuphunzitsabe masamu, ndipo za gule palibe amazitchulanso.