Deresi la Mwatitha ndi mvula ya pa ukwati

Imitsani kaye makinawo, ana inu. Ndaona ena mwa inu akudula nsalu yongochokera kumsika osaiviika n'komwe, ati kufuna kumaliza msanga. Khalani pansi ndikuuzeni kumene kunachokera mawu aja akuti kuthamanga sikufika.

Pa msika wa Chikuse panali telala wina, mayi wamasiye, dzina lake Nasoko. Ankasokera pakhonde la sitolo ndi makina opalasa ndi mapazi amene anamusiyira malemu mwamuna wake. Nsalu ankakasankha yekha ku Limbe kwa wogulitsa mmodzi yemwe ankamudziwa. Akafika nayo ankayamba waiviika m'madzi kuti utoto wosagwira utuluke ndiponso kuti ifupikiretu, kenako n'kuiyanika pamthunzi. Sizasi inkabwera pambuyo. Anthu ankadandaula kuti amachedwetsa, koma chovala chake munkavala mpaka kutopa nacho nokha.

Ndiye kunabwera Bambo Chidzanja ndi makina amagetsi komanso lole yomwe inkatula mipukutu ya nsalu zotchipa sabata iliyonse. Kavalidwe kakangotuluka m'tauni Lolemba, Lachisanu mukapeza kali lende pakhomo pawo. Aa, anthu anakhamukira kumeneko ngati ntchentche pa mango. Pakhonde la Nasoko panatsala nkhuku zokha.

Tsiku lina Chidzanja anabwera akuseweretsa makiyi a lole.

"Mayi, gulitsani chitsulochi mubwere muzisoka kwa ine. Nsalu yanga imatsika m'lole m'mawa, madzulo ili pathupi la munthu. Zoviikaviikazi n'zachikale."

"Bambo," anatero Nasoko osasiya kupalasa, "ine ndimasokera munthu, sindisokera lole. Pitani bwino."

Chimene chinamupweteka mtima chinachokera m'nyumba mwake momwe. Mwana wake Mwatitha anali pafupi kukwatiwa, ndipo akuchimuna ankafunsa tsiku ndi tsiku ngati zovala zatha kusokedwa.

"Amayi, anzanga akundiseka," anatero Mwatitha tsiku lina pakhonde paja. "Nsalu ya aperekezi ikadali pachingwe! Ndikaipereka kwa a Chidzanja."

"Iyo yanga yoviikayo isiye. Ngati ukufuna zachangu, kagule yawo komweko. Koma deresi lakolo ndisoka ine."

"Nanga mukachedwa nalo?"

Nasoko anaimirira, n'kugwira makina aja. Analankhula mokweza moti ogulitsa tomato onse anatembenuka.

"Imvani nonse! Mwana wanga akachita manyazi ndi deresi langa, makina awa ndigulitsa, ndikakhale wantchito wa Chidzanja. Koma nsalu yosaviika sindidula, ngakhale mundiseke mpaka mano agwe!"

Anamusekadi. Chidzanja anamaliza madiresi ofiira a aperekezi ukwati ukadali kutali, n'kuwapachika panja kuti aliyense aone. Anali okongola, tisaname. Uku Nasoko anali akadali pa deresi limodzi loyera la mpendero wa chitenje chobiriwira, msoko uliwonse n'kuubwereza kawiri. Usiku ankalephera kugona, poti makinawo ndi chokhacho chimene mwamuna wake anamusiyira. Batani lomaliza analisokerera m'mawa wa ukwatiwo, mkwatibwi ataima chilili, misozi ili m'maso, galimoto ikuliza hutala panja.

Unali mwezi wa Disembala. Atatuluka m'tchalitchi, anthu anauyamba ulendo wapansi wopita kumadyerero, nthungululu zili pakamwa, aperekezi akuvina kutsogolo. Ali pakati pa msika penipeni, mvula inangoti khuthu! Pothawira panalibe.

Mayo ine, zimene zinaoneka! Utoto wofiira unayamba kuyenderera m'mikono ndi m'miyendo ya aperekezi mpaka m'nsapato. Nsalu itanyowa inayamba kukoka, ulusi wowola umene anasokera n'kumaduka, misoko ya m'khwapa n'kumaseguka. Atsikana anasiya kuvina, aliyense manja pachifuwa, azimayi akuthamanga ndi zitenje kuti awafunditse. Chidzanja, amene ankayenda kutsogolo kuti anthu amuyamikire, anazemba osatsanzika.

Mwatitha anadziyang'ana. Anali atanyowa mpaka mkati, koma deresi linali loyera monga linatulukira m'nyumba. Chobiriwira chinakhala pamalo pake, ndipo panalibe msoko ndi umodzi womwe womasuka. Anathamangira mayi ake n'kugwada m'matope momwemo.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Dzuka iwe, udetsa ntchito yanga," anatero Nasoko, naye akupukuta misozi. Kenako anatembenukira kwa ogulitsa tomato aja, manja m'chiuno. "Paja panali ofuna kugula makina? Abweretu! Uja anathamanga, koma wafika ndani? Kuthamanga sikufika!"

Lolemba lake m'mawa, pakhonde paja panali mzere wa azimayi, aliyense nsalu kukhwapa. Woyamba anali mayi wa mkwati, uja ankafunsa tsiku ndi tsiku.

"Anasoko, mungandisokere pofika mawa?"

Nasoko anangowalozera beseni la madzi.

Kuchokera pamenepo anthu akaona munthu wopupuluma amati kuthamanga sikufika. Sakunena kuti changu n'choipa, ayi, ndipo waulesi asabisale kumbuyo kwa mwambiwu. Akunena kuti kumaliza msanga sikumaliza ntchito. Chovala chimatha kusokedwa pamene chapirira mvula, dzuwa ndi sopo pathupi la mwini wake, ndipo ulendo umenewo umayambira kumene mwagula nsalu ndi ulusi. Mukadumpha pamenepo, mudzathamanga ndithu, koma manyazi adzakupezani pakati pa msika.

Tsopano iwe wagwira sizasiwe, ndakuona. Iike pansi, katunge madzi.